Kugula nyumba yomwe simunaone maziko ake

Kwathu munthu akamamanga nyumba amakhala pomwepo tsiku lokumba maziko. Amaona yekha ngati khasu lagunda mwala kapena likungomira m'dothi lofewa, amakangana ndi mmisiri za kuya kwa ngalande, amawerenga matumba a simenti. Nyumbayo ikadzang'aluka patapita zaka zisanu amadziwa womuloza chala, ndipo nthawi zina chalacho chimabwerera kwa mwini wake. Ku Britain si choncho. Amalawi ndi abale athu a ku Zambia amene akhazikika ku London, Manchester, Leeds, Nottingham kapena Glasgow, akafika pogula nyumba amapeza kuti zomwe thumba lingakwanitse kawirikawiri ndi nyumba zakale, zina zomangidwa Mfumukazi Victoria adakali pampando, iye amene anamwalira mu 1901. Amene anakumba maziko ake anatsikira kulichete kalekale. Mapulani palibe. Wogula amaona penti watsopano, kapeti ndi khitchini yonyezimira, pamene ngongole ya zaka 25 kapena 30 akuisenzetsa pa chinthu chokwiririka chomwe mwina sadzachiona moyo wake wonse.

Ndiye pali liwu limodzi la Chingerezi lomwe likangotchulidwa malonda a nyumba ali mkati, wogula, wogulitsa ndi a banki onse nkhongono zimazizira. Liwulo ndi subsidence. Tanthauzo lake n'lakuti dothi lomwe lasenza maziko likutitimira, maziko n'kumatsika nalo limodzi. Nyumba yonse itati itsike mofanana, ngati mbale yoikidwa pamchenga, bwenzi palibe wodandaula kwenikweni. Chimene chimaswa khoma n'chakuti ngodya imodzi imatsika, ina n'kutsala pomwe inali. Njerwa sizipindika. Zikakokedwa mbali ziwiri zimalekana, ndipo mng'alu umatulukira pofooka, makamaka m'ngodya za mawindo ndi zitseko.

Angerezi amasiyanitsa zinthu zitatu zomwe ife tingangoti nyumba yasuntha, ndipo kusiyanako kumafika m'thumba. Settlement ndi kukhazikika kwa nyumba yatsopano, kulemera kwake kukamapanikiza dothi m'zaka zoyambirira. Kumatha kokha, ndipo a inshuwalansi kawirikawiri salipira zimenezo. Heave ndi kutupa, dothi likamwa madzi n'kukankhira maziko m'mwamba. Subsidence ndiye kutsika koyambira m'dothi momwemo, kosachokera ku kulemera kwa nyumba. Nyumba zambiri zakale zinasuntha kalekale n'kuima. Pansi pake m'popendekeka, zitseko zinapalidwa kuti zizitsekeka, koma palibe chikuyenda. Choncho kumva kuti nyumba inasunthapo sikokwanira kuthawitsa munthu. Chofunika kudziwa n'chakuti ikusunthabe kapena inaima, ndipo ngati ikusunthabe, chikuikoka n'chiyani.

Dongo, mitengo ndi chilala

Amene anayendapo m'dambo la makande mwezi wa Okutobala akudziwa kale theka la nkhaniyi. Dothi lija limang'aluka mpaka phazi la mwana kulowamo, mvula ikagwa ming'alu yonse n'kutsekeka, pansi n'kusanduka phala lomata. Dongo limafufuma likamwa madzi, likauma limanyala. Dera lalikulu la kummwera chakummawa kwa England lakhala pa dongo la khalidwe lomweli. Lotchuka kwambiri ndi London Clay, lomwe lili pansi pa mbali yaikulu ya London n'kufalikira ku Essex ndi madera oyandikana nawo. Palinso Weald Clay ku Kent ndi Sussex, ndi Oxford Clay chapakati. Mukamalowera kumpoto ndi kumadzulo miyala ndi yakale komanso yolimba, dongo lake silifufuma kwambiri, ndiye vutoli limachepa ngakhale silitheratu. Bungwe la British Geological Survey lili ndi mapu osonyeza komwe dothi lotere lili, ndipo malipoti omwe loya wanu amaitanitsa pogula nyumba amatapa zambiri kumeneko.

Pansi pa kapinga wamba dothi limauma mpaka kuya kwa mita imodzi kapena kupitirira pang'ono m'chilimwe. N'chifukwa chake malamulo a NHBC, bungwe lomwe limapereka chitsimikizo cha zaka 10 pa nyumba zambiri zatsopano, amafuna kuti pa dongo lofufuma kwambiri maziko asachepere mita imodzi, ndipo pafupi ndi mitengo azizama mpaka mamita 2.5, kupitirira apo injiniya alembe pulani yakeyake. Amisiri a nthawi ya Victoria analibe lamulo lotero. Nyumba zambiri zogundizana zija, za mzere umodzi msewu wonse, zinakhazikidwa pa mizere ingapo ya njerwa yotambasuka, nthawi zina yosafika ndi theka la mita lomwe. Chinkazipulumutsa ndi matope a laimu omwe ankamangira, ofewa, olola khoma kusuntha pang'ono osasweka. Simenti ilibe chifundo chotero. Kuonjezera apo, zigawo zopepuka monga windo lotulukira kunja lija amati bay window, kakhonde ka pakhomo, kapena chipinda chakumbuyo chomwe wina anadzaonjezera patapita zaka 80, nthawi zambiri zili pa maziko osiyana kuya ndi a nyumba yaikulu. Chilala chikafika chilichonse chimayenda pachokha, n'kung'alukira polumikizira.

Mlimi wa ku Malawi safunika kuuzidwa zomwe bulugamu amachita akabzalidwa pafupi ndi chitsime. Bulugamu yemweyo ali pa mndandanda wa NHBC wa mitengo yomwa madzi kwambiri, limodzi ndi oak, poplar, elm ndi willow, m'bale wake wa msondodzi. Ambiri amaganiza kuti mizu imaboola maziko kapena kuwanyamula. Nthawi zambiri mizu sikhudza n'komwe njerwa. Imangoyamwa madzi m'dongo la pansi pa maziko, dongolo n'kunyala, maziko n'kutsala opanda chowachirikiza. Pafupi ndi mtengo waukulu kuumako kumatha kufika mamita atatu pansi, ngakhale kuposa. M'chilimwe mtengo uli ndi masamba ndipo umamwa tsiku lililonse. Chisanu chikayamba masamba amayoyoka, mvula imabwerera, dongo limafufumanso ndipo mng'alu umatsekeka pang'ono. Kupuma kotereku, kutseguka m'chilimwe n'kutsekeka m'chisanu, ndiko chizindikiro chomwe akatswiri amachisaka pofuna kudziwa ngati wolakwa ndi mtengo.

Zaka za chilala n'zomwe zimadzaza maofesi a inshuwalansi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 makampani anayamba kuika subsidence mu inshuwalansi wamba ya nyumba, obwereketsa ndalama atawapempha kutero. Posakhalitsa kunagwa chilala cha 1976, chomwe Angerezi achikulire amachikumbukirabe, ndipo madandaulo anasefukira. Zinabwerezanso cha m'ma 1990, mu 2003, mu 2018 ndi mu 2022. Bungwe la makampani a inshuwalansi, Association of British Insurers, linanena kuti m'miyezi itatu yokha, Julaye mpaka Seputembala 2018, mabanja oposa 10,000 anakadandaula za subsidence, ndalama zake n'kukwana £64 miliyoni. Mu 2022, chaka chomwe kutentha kunafika madigiri 40.3 ku Coningsby m'chigawo cha Lincolnshire, madandaulo anali 23,000 ndipo mtengo wake unayerekezedwa kufika £219 miliyoni. Ziwerengerozi zikuoneka zazikulu, koma m'dziko la nyumba pafupifupi 30 miliyoni zikusonyezanso kuti nyumba zambirimbiri za pa dongo zimadutsa chilala osavulala.

Wina anganene kuti basi, dulani mtengowo. Apa ndi pomwe anthu amapsa nazo. Ngati mtengo ndi wamkulu msinkhu kuposa nyumba, ndiye kuti nyumbayo inamangidwa pa dongo lomwe mtengowo unaliumitsa kale. Mukaudula, dongo limayamba kumwanso madzi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, n'kutupa, n'kunyamula maziko, ndipo heave imatha kuononga kuposa kutitimira komwe mumathawa. Komanso mtengo wa pabwalo panu si wanu m'njira yomwe timaidziwa kwathu. Ukhoza kukhala pansi pa Tree Preservation Order, lamulo la khonsolo loletsa kudula ngakhale kusadza popanda chilolezo, ndipo chindapusa chake n'chowawa. M'madera otetezedwa, omwe amati conservation area, muyenera kudziwitsa khonsolo masabata 6 nkhwangwa isanagwire. Nanga mtengowo ukakhala wa oyandikana nawo, kapena wa m'mbali mwa msewu? Mlandu wotchuka pa nkhaniyi ndi wa Delaware Mansions, mdadada wa mafulati ku Maida Vale mu London, womwe unagamulidwa mu 2001 ku House of Lords, lomwe panthawiyo linali khoti lalikulu koposa. Mizu ya mtengo wa plane wa mumsewu inaumitsa dongo pansi pa nyumbayo. Khonsolo ya Westminster inakana kuudula. Khoti linamva kuti mtengowo ukanachotsedwa kukonza kukanadya pafupifupi £14,000, koma chifukwa unasiyidwa eni nyumba anachita kulimbitsa maziko pa mtengo woposa £570,000, ndipo khonsoloyo inalamulidwa kubweza ndalamazo. Wogula asatengepo chilimbikitso chambiri: mlanduwo unatenga zaka zoposa khumi kuchokera pomwe ming'alu inaonekera.

Madzi otayikira ndi maenje akale

Kumene dothi lili lamchenga kapena lamiyala yaing'ono, mdani ndi paipi yothyoka. Mapaipi a madzi oipa m'nyumba zakale ndi a dothi lootcha, olumikizidwa m'zidutswa zazifupi. Polumikizira pakamasuka madzi amadontha chaka ndi chaka, n'kumakokolola dothi losalala kapena kufewetsa pansi pa maziko. Ili ndi vuto lotsika mtengo kulipeza, chifukwa pali anthu olowetsa kamera m'paipi n'kukupatsani kanema wake pa mapaundi mazana ochepa, ndipo paipi ikakonzedwa nyumba nthawi zambiri imaima.

Migodi ndi nkhani ina. Pafupifupi nyumba imodzi mwa zinayi zilizonse ku Britain ili m'dera lomwe munkakumbidwa malasha: Yorkshire, Nottinghamshire, Lancashire, kumpoto chakummawa kwa England, kummwera kwa Wales ndi pakati pa Scotland. Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone komwe mzinda wathu unatengako dzina, nayenso anali tauni ya malasha, ndipo ngozi ya mumgodi mu 1877 inapha anthu oposa 200 kumeneko. M'madera otere ku England ndi Wales loya amaitanitsa lipoti la migodi lotchedwa CON29M, lomwe limasonyeza ngati pansi panadutsa mgodi, ngati pali chitsime cha mgodi pafupi, komanso ngati nyumbayo inadandaulapo kale. Ubwino wake, kuonongeka kochokera ku migodi ya malasha kuli ndi lamulo lake la 1991, ndipo wolipira kawirikawiri ndi bungwe la boma lomwe linkatchedwa Coal Authority, lomwe kuyambira 2024 likutchedwa Mining Remediation Authority. Ku Cornwall kuli maenje a migodi ya tini. Ku Northwich m'chigawo cha Cheshire kupopa madzi amchere pansi panthaka kunatitimiritsa tauni mpaka anthu anayamba kumanga nyumba za mafelemu amatabwa zoti zikatsika azizinyamula ndi majeki. Ku Ripon mwala wa gypsum umasungunuka ndi madzi n'kusiya mphanga zomwe zimagumuka mwadzidzidzi, ndipo ku Norwich mu 1988 basi yosanja inamira chakumbuyo mumsewu wa Earlham Road, mgodi wakale wa choko utagumuka pansi pake.

Kuwerenga mng'alu

Ming'alu yambiri yomwe wogula angaione si ya subsidence. Pulasitala amang'aluka akamauma. Khoma lalitali limafutukuka ndi kutentha n'kubwerera ndi kuzizira. Tizitsulo tomangirira khoma lakunja ndi lamkati la nyumba tikachita dzimbiri timatupa n'kusiya ming'alu yopingasa, yotsatira mzere wa matope. Mtanda wa pamwamba pa windo ukatopa, njerwa za pamwamba pake zimatsika. Wina akachotsa chumuni m'chipinda chapansi osachirikiza chotsala m'mwamba, nazonso zimaonekera pakhoma.

Mng'alu wa kutitimira uli ndi nkhope yake. Umayenda mopendekeka, kutsata matope ngati masitepe. Umakhala wotambasuka kumwamba n'kumapyapyala chotsika. Umaoneka mkati ndi kunja pamalo amodzi, kusonyeza kuti wadutsa khoma lonse, ndipo nthawi zambiri umafika pansi penipeni. Umatuluka mwadzidzidzi chilimwe chikamatha. Zitseko ndi mawindo a mbali imeneyo zimayamba kukanirira, pepala la pakhoma n'kukwinyika m'ngodya. Pa za kukula kwake, akatswiri amagwiritsa ntchito muyeso wa bungwe lofufuza za zomangamanga la Building Research Establishment wotchedwa Digest 251, womwe uli ndi magawo kuyambira 0 mpaka 5. Magawo 0, 1 ndi 2, ming'alu yosapitirira mamilimita 5, amatengedwa ngati nkhani ya maonekedwe chabe. Gawo 3 ndi mamilimita 5 mpaka 15, gawo 4 ndi 15 mpaka 25, apa n'kuti mphepo ndi madzi zikulowa ndipo khoma likufunika kugumulako n'kumanganso. Gawo 5, kupitirira mamilimita 25, ndi pomwe nyumba yeniyeniyo ili pangozi. Ndalama yachitsulo ya £1 ndi yochindikala mamilimita 2.8. Ikalowa mumng'alu cham'mbali, yafika nthawi yofunsa mafunso.

Ine ndikamaona nyumba yogulitsa ndimaopa khoma limodzi lopentedwa dzulo kuposa mng'alu wakale wodzaza fumbi ndi kangaude. Mng'alu wakuda mkati, wa m'mphepete mosalala, wakhalapo zaka. Koma khoma limodzi lowala pakati pa ena ofwifwa, kabati yaikulu yoima pamalo osayenera, matope atsopano otsata mzere wopendekeka pa njerwa zakunja, izi ndi zija akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tulukani panja, muime tsidya lina la msewu, muyang'ane ngati mizere ya njerwa ndi mawindo ili yowongoka. Muonenso nyumba za oyandikana nawo, chifukwa dongo silidziwa malire a puloti.

Woyendera nyumba akuyenderera ndani?

Apa ndi pomwe ogula koyamba ambiri amasochera. Banki isanapereke ngongole imachita valuation, kuyeza mtengo wa nyumba. Nthawi zina wogula ndiye amalipira, choncho amaganiza kuti nyumba yayenderedwa ndipo yakhoza. Koma valuation ndi ya banki. Funso lake ndi limodzi: munthuyu akalephera kubweza, nyumbayi tingaigulitse n'kupeza ndalama zathu? Woyezayo akhoza kukhalamo mphindi 20, akhoza kungodutsa pagalimoto, ndipo masiku ano kawirikawiri ndi kompyuta yomwe imayerekeza ndi mitengo ya nyumba zoyandikana popanda munthu kupondapo. Makhoti anagamulapo kuti woyeza wosasamala akhoza kulipira wogula. Mu 1981, pa mlandu wa Yianni ndi kampani ya Edwin Evans, banja lomwe linagula nyumba ya £15,000 kumpoto kwa London podalira valuation linawina, ming'alu ya subsidence itatulukira ndipo kukonza kwake kutafika £18,000, kuposa mtengo wa nyumbayo. Koma njira ya khoti ndi yaitali, ndipo lero wogula nthawi zina saona n'komwe lipotilo.

Survey yanuyanu, kuyendera nyumba koona mmene ilili komwe amachita katswiri wotchedwa surveyor, muyenera kuitanitsa nokha. Kuyambira 2021 bungwe la akatswiriwa la RICS linaika magawo atatu. Level 1 ndi yachidule, yoyenera nyumba yatsopano yopanda chokayikitsa. Level 2, yomwe kale inkatchedwa HomeBuyer Report, ndi yomwe ambiri amasankha. Surveyor amayendera zonse zooneka n'kupereka mitundu ngati ya maloboti a pamsewu, wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Level 3, yomwe anthu amaitchabe full structural survey, imazama: amafotokoza mmene nyumba inamangidwira, chomwe chayambitsa vuto, njira zokonzera ndi chomwe chingachitike mukalekerera. Mitengo imasiyana malinga ndi dera ndi kukula kwa nyumba, koma Level 2 kawirikawiri ndi mapaundi mazana angapo, pomwe Level 3 imatha kupitirira £1,000. Pa nyumba yakale, ya pa dongo, yokhala ndi mtengo waukulu pafupi kapena chipinda choonjezera, kusankha Level 2 pofuna kusunga £400 pa malonda a £300,000 ine sindikuona nzeru yake. Ku Scotland dongosolo ndi lina: kuyambira Disembala 2008 wogulitsa ndiye amakonza Home Report, yomwe ili ndi survey mkati, wogula aliyense n'kuiwerenga asanatchule mtengo. Komabe survey imeneyo si yozama ngati Level 3, ndipo palibe choletsa wogula kuitanitsa yake.

Dzina loti full structural survey limanyenga. Surveyor, ngakhale wa Level 3, sakumba pansi, sang'amba kapeti yokhomera, sasuntha kabati yolemera, saboola khoma. Amaona zomwe diso lingaone tsiku limenelo. Akakayikira amalemba kuti pakufunika kufufuza kwina, ndipo mawu amenewa amakwiyitsa ogula ambiri omwe amaona ngati alipira ndalama kuti auzidwe kukalipiranso kwina. Nthawi zina n'zoona kuti surveyor akungodziteteza. Mumuimbire foni, mumufunse kuti akanakhala iye akanagula kapena ayi, chifukwa pakamwa amanena zomwe papepala salemba. Koma akatchula kusuntha kwa nyumba, wofunika kubwera ndi injiniya wa zomangamanga, structural engineer, wovomerezedwa ndi Institution of Structural Engineers kapena Institution of Civil Engineers. Iye amayang'ana vuto limodzilo n'kunena ngati kusunthako n'kwakale kapena kukupitirira. Dziwaninso kuti surveyor akaphonya vuto n'kupezeka wolakwa, makhoti a ku England kawirikawiri amalamula kuti alipire kusiyana kwa mtengo womwe munagulira ndi mtengo weniweni wa nyumba yovulalayo, zomwe zimatha kuchepera ndalama zokonzera.

Chovuta n'chakuti ngakhale injiniya sangathe nthawi zonse kuyankha tsiku limodzi. Kuti atsimikize, amakumba dzenje m'mbali mwa khoma kuona maziko, amaboola pansi kutenga dothi lokayeza chinyezi, amatumiza timizu ku labotale kuti adziwe kuti tachokera ku mtengo wanji, n'kumata tizida toyezera pamng'alu kapena kuyeza kutsika kwa makoma mwezi ndi mwezi, nthawi zina chaka chathunthu kuti aone chilimwe ndi chisanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wogulitsa sangadikire chaka, ndipo chilolezo cha ngongole chimakhala cha miyezi pafupifupi 6. N'chifukwa chake nyumba yomwe ikusunthabe sigulika bwino ndi ngongole ya banki. Banki imakana, kapena imatsitsa mtengo, kapena imasunga gawo la ndalama mpaka ntchito itatha, chomwe amati retention. Njira yoongoka ndi yakuti wogulitsa akadandaule ku inshuwalansi yake, vuto likonzedwe, malonda adzayambirenso pambuyo. Nyumba zotere zambiri zimathera ku okushoni, kwa ogula ndi ndalama zapamanja omwe ali ndi mphamvu yopirira zikavuta.

Nyumba yomwe inakonzedwa kale

Nanga ejenti akanena kuti nyumbayi inachitidwa underpinning mu 1992? Underpinning ndi kuzamitsa maziko: kukumba pansi pa maziko akale kachigawo kachigawo n'kuthira konkire mpaka kufika pa dothi losasuntha, kapena kukhoma mizati yopyapyala yozama n'kusenzetsapo khoma. Palinso njira yatsopano yopopera utomoni wofufuma m'dothi. Pambuyo pa 1976 ntchitoyi inkachitika mopupuluma, ngakhale pomwe kusadza mtengo kapena kukonza paipi kukanakwana. Masiku ano ndi madandaulo ochepa okha omwe amafika pokumba maziko.

Mwa maganizo anga, nyumba yolimbitsidwa bwino zaka 30 zapitazo, yomwe yadutsa 2003, 2018 ndi 2022 osang'alukanso, ili pabwino kuposa ya pafupi nayo yomwe ikadali pa maziko ake akale osazama. Koma msika suganiza choncho, ndipo tsiku lomwe mudzagulitse, wogula wanu adzachita mantha omwewa. Chomwe chimachotsa manthawo ndi mapepala: lipoti la injiniya lonena chomwe chinayambitsa vuto, satifiketi ya a building control, oyang'anira malamulo a zomangamanga, yoti ntchito inatha motsata malamulo, chikalata chotsimikizira kuti nyumba yalimba chotchedwa Certificate of Structural Adequacy, ndi gerenti ya kontirakitala ngati ikadalipo. Mufunsenso ngati analimbitsa nyumba yonse kapena ngodya imodzi, chifukwa mbali yolimbitsidwa ikaima nji pomwe inayo ikupumabe ndi nyengo, mng'alu watsopano umatha kubadwira pamalire pake. Mapepala akasowa, mtengo uyenera kutsika, ndipo lipoti la injiniya wanu ndilo chida chokambira.

Ku England ndi Wales lamulo lakale limati wogula achenjere yekha, koma wogulitsa amadzaza fomu ya TA6, momwe amafunsidwa za madandaulo a inshuwalansi omwe anachitapo, ngati anakanidwapo inshuwalansi kapena kulipiritsidwa mokwera modabwitsa. Akanama akhoza kuimbidwa mlandu pansi pa Misrepresentation Act ya 1967. Yankho loti sindikudziwa ndi lovuta kuligwira, choncho muuze loya wanu afunse molunjika, polemba, ngati nyumbayo inasunthapo, inayezedwapo kapena inalimbitsidwapo.

Inshuwalansi ndiyo imagamula zambiri kuposa mng'alu weniweniwo, chifukwa banki sipereka ngongole pa nyumba yopanda inshuwalansi yokhudza subsidence. Pa nyumba wamba, ndalama yomwe mwini amayamba walipira yekha pa dandaulo la subsidence nthawi zambiri ndi £1,000. Pa nyumba yomwe inasunthapo kale imakwera, ndipo makampani ambiri a pa intaneti amangokana mukangoyankha inde pa funso loti kodi nyumbayo inasunthapo. Poyambira pabwino ndi kampani yomwe wogulitsa ali nayo kale, makamaka ngati ndi yomwe inalipira ntchito yokonza, chifukwa mwambo wa makampaniwa ndi wakuti apitirize kuteteza nyumbayo ngakhale mwini asinthe. Ikakana, pali mabroka odziwa nyumba zovuta, omwe mungawapeze kudzera ku bungwe lawo la BIBA. Kubisa mbiri ya nyumba pofuna mtengo wotsika kumangochedwetsa tsoka, chifukwa mng'alu ukadzabwera kampani idzafukula mbiriyo n'kukana kulipira.

Ndipo pali tsiku lomwe zonsezi ziyenera kukhala zitatha. Ku England ndi Wales malonda samanga aliyense mpaka maloya atasinthana makontirakiti. Lisanafike tsikulo mukhoza kuchoka, mutaluza ndalama za survey ndi za loya zokha. Likangodutsa, dipoziti yanu, yomwe nthawi zambiri ndi 10 peresenti ya mtengo wa nyumba, yamangika, ndipo m'makontirakiti ambiri chiopsezo cha nyumbayo chimakhala chasamukira kwa inu ngakhale makiyi musanawalandire. Ku Scotland tsiku lofanana nalo ndi pomwe makalata a maloya otchedwa missives atsekedwa, ndipo limatha kufika msanga kuposa momwe wogula wozolowera za ku England angayembekezere.